Ayambe wadzuka kaye

Mawu akuti "wagwa nayo" afika paliponse masiku ano. Ana a sukulu amauzana zotsatira za mayeso zikatuluka. Ochemerera Bullets amakuwira a Wanderers, a Wanderers nawo n'kudzabwezera tsiku lawo likakwana. Pa Facebook ndi pa WhatsApp mawuwa amalembedwa pansi pa chithunzi cha aliyense amene zamuvuta: wakuba amene wapezeka ndi mbuzi ya eni pa njinga, mnyamata amene chibwenzi chamuthera atalipira kale fizi ya mtsikana, phungu amene anthu akwawo amukana. Palibe amene amafunsa kuti "nayo" ameneyu ndi chiyani. Ndi mlandu, ndi ngongole, ndi bodza, ndi chilichonse chimene munthu anasenza n'kumulemera. Kukoma kwa mawuwa kuli pomwepo. Munthuyo sanagwe yekha, wagwa ndi katundu wake, ndipo katunduyo wamwazika anthu akuona.

Ine mawuwa ndimawakonda ndipo ndimawanena. Chimene chikundidetsa nkhawa n'china. Kuseka munthu wogwa kunali ndi mwambo wake, wosalembedwa paliponse koma wodziwika kwa mwana aliyense wokulira pakati pa anthu. Mawu oseketsa tawasunga, tawonjezeranso ena, koma mwambo uja tikuusiya m'mbuyo.

Kwathu kuno munthu sangogwa basi. Wofotokoza akangoti "anagwa" n'kukhala chete, omvera amamufunsa kuti anagwa bwanji. Pali kugwa chagada, nkhongo pansi, miyendo m'mwamba. Pali kugwa chafufumimba, manja atatambasuka, milomo ili m'fumbi. Mwana amene nthambi ya mango yamuthyokera amatsika chadodolido. Ndiye pali timawu tija tongokumvetsa phokoso lake. Bambo wathupi amati khu! monga thumba la chimanga logwa pa ngolo. Woledzera amene wayenda dzandidzandi kuchokera ku kachasu amafika pakhomo n'kungoti thapsa. Wophonya phazi pa ulalo wa mitengo amati khuvu! m'madzi. Ngakhale zochitika munthu asanafike pansi tinazisiyanitsa: kupunthwa n'kwa chala chimene chagunda mwala, kuterereka n'kwa matope ndi ndere, kudzandira n'kwa mutu umene wazungulira, kugubuduka n'kwa pamtsetse. Eni mawu ochuluka chonchi anali anthu oyenda pansi, osenza pamutu, odutsa m'tinjira ta m'munda mvula itagwa. Ankagwa kawirikawiri, ndipo mnzawo akamagwa ankaonetsetsa.

Agogo anga aakazi akamabwera kumunda akutsimphina ankati, "Ndakhumudwa pa chitsa." Mwana wa lero mawu amenewa angamusokoneze, pakuti kwa iye kukhumudwa n'kwa mumtima basi. Koma kunayambira kuphazi. Makolo anatenga ululu wa chala chogunda chitsa mumdima n'kuupatsa mtima umene wagunda chinthu chimene sunachiyembekezere kwa mnzake. Ndale nazo n'chimodzimodzi. Anyamata olimbana kudambo podyetsa ng'ombe ankatcherana ndale, kulowetsa mwendo pakati pa miyendo ya mnzako kuti agwe chagada. Anthu a dziko lino atafuna dzina la ntchito ya zipani, misonkhano ndi mavoti, anatenga lomwelo. Mpaka lero munthu akati "zimenezo ndi ndale" amakhala akukuchenjeza kuti penapake patcheredwa mwendo.

Timagwa mphwayi, timagwa ulesi, timagwa m'mavuto. Mvula imagwa, mitengo ya fodya imagwa ku okushoni, ndipo wogogoda usiku akati "kwagwa zovuta" timadziwiratu kuti kuli maliro. Koma ine ndikufuna ndikhazikike pa kugwa kwenikweni, kwa thupi ndi nthaka, chifukwa ndi pamene mwambo uja umaonekera bwino.

Tsiku lina mu Januwale ndinali pa msika wa Ndirande mvula itangokata. Odziwa Ndirande akudziwa mmene tinjira take timatererera madzi ochokera kuphiri akasakanikirana ndi makoko a nthochi ndi masamba a kabichi. Mayi wina ankatsika ndi beseni la matimati pamutu, mwana kumbuyo. Phazi linaterereka, iye n'kukhala pansi mwamphamvu, dzanja limodzi litathamangira kumutu kwa mwana, beseni uko, matimati n'kugubuduka mpaka m'ngalande. Msika wonse unati "Aaa!" nthawi imodzi. Palibe anaseka. Mayi wogulitsa usipa anasiya benchi lake n'kuthamanga.

"Pepani asisi, pepani. Mwana ali bwanji? Tam'masulani timuone."

Mnyamata wa wilibala anayamba kutola matimati, ena awiri n'kumuthandiza, akupukuta lililonse pa malaya asanalibwezere m'beseni. Mwana anali bwino, anangodzidzimuka. Mayi uja anaimirira, anamanganso chitenje, anasuzumira matope amene anali kumbuyo kwake, ndiye anati, "Koma abale inu, ine ndimayesa ndinakula!" n'kuphulika chiseko. Apo m'pamene msika unamasuka. Wa wilibala anayamba kuonetsa mmene phazi linapitira, bambo wina anafunsa ngati pansipo panali ndalama yoti atole, wa usipa akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anam'senzetsa beseni lake, n'kumapita akusekabe.

Palibe amene anauza anthu aja zochita, koma onse anatsata njira imodzi. Pepa ndiye amatsogola, ndipo pepa wathu savomera mlandu, pakuti wa usipa sanagwetse munthu. Amangouza wogwayo kuti ululu wake taumva. Kenaka amabwera manja. Chiseko chimadza pambuyo, ndipo wotsegulira ndi mwini wake. Akaseka yekha ndiye kuti watiuza kuti fupa lili bwino, watiuzanso kuti manyazi akewo akufuna tigawane. Wogwa pagulu maso a anthu amamupweteka msanga kuposa bondo. Ndi pamenepo pamene khu ndi thapsa amagwira ntchito yawo: ngozi imasanduka nthano, ndipo munthu amene anali womvetsa chisoni kamphindi kapitako amakhala mwini nkhani imene yasangalatsa msika wonse. Amachoka pamalopo mutu uli m'mwamba. Ine ndimaona kuti nthabwala zotere ndi chifundo ndithu.

Ana timayamba kuwaphunzitsa zimenezi asanadziwe n'kulankhula komwe. Mwana wophunzira kuyenda akagwa amayamba wayang'ana nkhope ya amake asanasankhe kulira. Amayi ambiri amamenya pansi ndi chikhatho, "Wagwetsa mwana wanga iwe! Ndakumenya!" mwana n'kuseka, n'kudzuka. Akamakula amaphunzira malire. Mkamwini akaona apongozi ake ataterereka amayang'ana kumbali, ndipo nkhaniyo saitchulanso. Mwana woseka wamkulu amene wagwa amadzudzulidwa pomwepo, n'kukumbutsidwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Woledzera yekha ndiye amasekedwa popanda pepa, poti anadzigwetsa yekha ndi ndalama zake. Komabe osekawo ndi omwe amamukoka kumuchotsa pamsewu, n'kutuma mwana kukaitana akwawo.

"Wagwa nayo" wa pa bawo ali m'mwambo womwewu. Amanenedwa pamaso, kwa munthu amene wakhala nawe pa mthunzi umodzi, amene akuyankha pompo kuti tibwereze uone. Mawa adzakhala iwe, ndipo nonse mukudziwa.

Foni ndiyo yasokoneza zinthu. Kanema wa masekondi 10 amayamba munthu ali pa kabaza, amatha ali m'matope. Sationetsa ngati anadzuka. Wojambulayo manja ake onse anali pa foni, choncho sanatole matimati a munthu. Ife olandira kanemayo ku Mzuzu, ku Johannesburg kapena ku Leeds timangofikira pa chiseko, pepa osanena, mwini wake asanatitsegulire. Timalemba "wagwa nayo" n'kutumiza ku gulu lina. Pa msika chiseko chimatha beseni likabwerera pamutu. Pa foni munthu amagwabe chaka ndi chaka, nthawi iliyonse imene wina wakumbukira kanemayo, ndipo ana ake adzamuona akugwa. Ndaonapo makanema amene mutu wa munthu ukuchita kuoneka kuti wamenya phula, pansi pake pali tinkhope toseka tosawerengeka, popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa ngati ali moyo.

Sindikunena kuti kuseka munthu amene sanatilole n'kulakwa nthawi zonse. Pali anthu amene kugwa kwawo anthu wamba amachita kukudikira. Pa 4 Febuluwale 2015, Robert Mugabe, ali ndi zaka 90, anagwa potsika pa nsanja pa bwalo la ndege la Harare, atangofika kuchokera ku Addis Ababa kumene anasankhidwa kukhala wapampando wa African Union. Achitetezo anakakamiza ojambula ena kufufuta zithunzi, ndipo nduna yofalitsa nkhani, Jonathan Moyo, inalimbikira kunena kuti mtsogoleriyo sanagwe, anangopunthwa pa kapeti n'kudzigwira. Zithunzizo zinatuluka ndithu, n'kufalikira pa intaneti anthu akuzisintha mwa nthabwala zosiyanasiyana. Mmene ndimaonera ine, anthu a ku Zimbabwe sankaseka mawondo a nkhalamba. Ankaseka boma limene linafika poletsa anthu kukhulupirira maso awo. Akanangonena kuti madala apunthwa koma ali bwino, nkhaniyo sikanapita patali chotero.

Amphamvu amaopa mawu akuti kugwa. Mu Novembala 2023 ndalama yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, a Reserve Bank anakamba za kuigwirizanitsa ndi mtengo wake wa pamsika. Mu minibasi aliyense ankangoti kwacha yagwa, ndipo mitengo ya mafuta ndi shuga m'masiku otsatira inavomereza a mu minibasi. Pa zisankho ndiye timanena mosapsatira. Atsogoleri anayi a dziko lino agwa pa mavoti ali pampando: Kamuzu Banda mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020 ndi Lazarus Chakwera mu 2025. Wovota akakuwa tsiku lotero kuti wakuti wagwa chagada, ndi ufulu wake, ndipo sindingamulande. Akulu anachenjeza kale kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Komanso kugwa kwa pa ndale munthu amadzukako. Mutharika yemwe anagwa mu 2020 anabwerera pampando patatha zaka 5. Timu yochinyidwa imasewera sabata yamawa, wolephera mayeso a Fomu 4 amalembanso.

Kumene kumandisowetsa mtendere ndi kugwa kwa anthu amene sadzuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa. Pa imfa zodza mwangozi, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi za pamsewu. Imfa zoposa 80 mwa 100 zilizonse zimachitika m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndipo amene amafa kwambiri ndi anthu opitirira zaka 60. Kwathu kuno ogwira ntchito m'zipatala amadziwa kuti mango akayamba kupsa, ana a chikhakha pamkono amachuluka. Koma mafupa a ana amalumikizana msanga. A okalamba satero.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anagwa m'bafa. Linali bafa la kumudzi, la udzu, lokhala ndi mwala wosalala pakati umene unakutidwa ndi ndere ndi sopo wa zaka zambiri. Anali atapitirira zaka 70. Anakwawa okha mpaka m'nyumba osaitana munthu, chifukwa anali asanavale ndipo amene anali pafupi anali mkamwini. Madzulo atafunsidwa chifukwa chimene sanatulukire kudzaotha dzuwa, anati, "Ndinangoterereka pang'ono, musadandaule." Adzukulu anaseka, mmodzi n'kuyerekeza mmene agogo anachitira thapsa, iwonso anaseka nawo. A pakhomopo anamva chiseko chimenecho mmene timachimvera pa msika: mwini wake waseka, ndiye kuti zili bwino. Anawathowa ndi madzi otentha, anawagulira panado pa okala. Panapita masiku asanafike mwana wawo wamkazi wa kutauni, amene atavundukula chitenje anaona kuti mwendo wakumanzere wafupika, phazi lagonera kunja. Kuchipatala atajambula anapeza kuti fupa la ntchafu lathyoka pamene limalowera m'chiuno. Anagona masabata ambiri mwendo utakokedwa ndi chitsulo cholendewera kumiyendo kwa bedi. Anatuluka ndi zilonda kumsana, ndipo sanayendenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Chimene chimandiwawa ndikakumbukira n'chakuti mwambo wathu wabwino uja ndi umene unanamiza a pakhomopo. Azakhali anaseka chifukwa cha manyazi, ululu uli pomwepo. Munthu amene wasenza mitolo ya nkhuni moyo wake wonse safuna kuvomera kuti mwala wa m'bafa wamugonjetsa. Amaopanso china. Akavomera, ana ayamba kumuletsa kumunda, kumtsinje, kutchalitchi, ndipo atsala wongodikira phala pakhonde. Choncho amasankha mawu ochepetsetsa amene angawapeze. "Ndinangoterereka." "Ndinangokhala pansi." "Ndinangophonya phazi." Kachidutswa kakuti -ngo- kameneka kabisa mafupa othyoka ambiri m'midzi mwathu.

Mafupa a munthu amapepuka ndi ukalamba, makamaka a amayi akasiya msambo. Kugwa kumene mtsikana angadzuke n'kusansa fumbi, kwa agogo kumathyola chiuno kapena dzanja pa mfundo. Nthawi zinanso kugwako kumakhala mthenga wa matenda ena: ng'ala imene yaphimba maso moti chitsa sachionanso, mankhwala a BP amene amabweretsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, shuga, kapena sitiroko yaing'ono imene palibe waizindikira. Funso lija lakuti "anagwa bwanji?", limene timafunsa pofuna kuti nthano ikome, kwa wokalamba liyenera kufunsidwa mmene amafunsira achipatala. Agogo, munapunthwa pa chinthu, kapena munangoona mdima? Mutu unagunda? Aka n'koyamba?

Pali ena amene mawu athu a kugwa sanawachitire chilungamo mpang'ono pomwe. Matenda a khunyu timawatchula kuti akugwa, ndipo wodwalayo timangoti "uja amagwa uja", dzina lake n'kuiwalika. Iyeyu akagwa sipamveka pepa, sipamvekanso chiseko. Anthu amabalalika, chifukwa ambiri amakhulupirirabe kuti ukakhudza thovu la kukamwa kwake utengera. Si zoona. Matendawa ndi a mu ubongo, sapatsirana, ndipo pali mankhwala amene amaletsa kugwako kwa odwala ambiri akamamwa mosadumphitsa. Koma chifukwa cha mantha amenewa anthu apsa pa moto wa m'khitchini, ena amira pa madzi ofika m'mawondo, abale ataima poteropo. Zofunika n'zochepa: kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kuika chitenje chopinda pansi pa mutu wake, osamulowetsa supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha kumugoneka cham'mbali. Akamatsitsimuka apeze nkhope ya munthu womuuza kuti pepa, womuitana ndi dzina lake.

Inu amene muli ndi agogo kumudzi, mukapita ulendo uno kaloweni m'bafa mwawo. Kaoneni mwala umene amapondapo, mukaupale ndere kapena mukausinthe. Mukazike mtengo wolimba woti azigwira, mukaikemo kampando. Kazuleni zitsa za panjira ya kuchimbudzi, mukawasiyire tochi ya mabatire. Ndipo tsiku limene mudzamve pa foni kuti anangoterereka pang'ono, musadzakhutire poti akumveka akuseka. Dzafunseni ngati aimirira ndi miyendo yonse iwiri n'kuyenda. Ngati sanatero, dzapezeni galimoto tsiku lomwelo.